Wayamba kuyenda koma mtima sunachire: mabala osaoneka a sitiroko

Munthu wodwala sitiroko akatulutsidwa m'chipatala, achibale ndi anansi amayeza kuchira kwake ndi zimene maso akuona. Kodi phazi layamba kuponda pansi? Dzanja likufumbata? Pakamwa pamene panakhotera mbali imodzi paja pawongoka? Izi zikangoyamba kusintha, uthenga umafika mpaka kumzikiti kuti abambo aja akupeza bwino, Alhamdulillah. Kuyamika kumeneko n'koyenera. Koma amene amagona naye nyumba imodzi amadziwa nkhani ina imene kawirikawiri saitulutsa pagulu: munthu wabwera kuchokera kuchipatala uja sali monga anapitira. Amalira popanda chomuliza, amapsa mtima pa kanthu kochepa, amaswera chete atayang'ana khoma, kapena amaitana mwana wake ndi dzina la wina.

Zoterezi zikaoneka, pamudzi sipasowa omasulira. Ena amati mutu wazungulira, ena amati walodzedwa kapena majini amulowa, ndipo ena amanong'onezana kuti walephera kupirira mayesero a Allah. Madokotala a ubongo amafotokoza kuti zambiri mwa izi ndi mabala a sitiroko yomweyo imene inapha mwendo, kungoti mabala amenewa ali pamalo pamene diso silifika. Banja limene lazindikira zimenezi limasamalira wodwala mosiyana kwambiri ndi banja limene likuganiza kuti wangosintha khalidwe.

Chimene chimachitika mu ubongo

Sitiroko imachitika magazi akasiya kufika ku gawo lina la ubongo, mwina chifukwa mtsempha watsekeka ndi magazi oundana, mwina chifukwa mtsemphawo waphulika. Mu 2006 dokotala wa ku America, Jeffrey Saver, anawerengera kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, ubongo umataya maselo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene wodwala sanalandire chithandizo. Ubongo womwewo umene umayendetsa manja ndi miyendo ndi umene umasunga mawu, umakumbukira nkhope za abale, umaletsa mkwiyo ndiponso umapatsa munthu chilakolako chodzuka m'mawa. Choncho chimene wodwala ataye chimadalira malo amene avulala. Mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira mbali yakumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi kumenenso kuli chinenero. N'chifukwa chake amene wafa dzanja lamanja nthawi zambiri amavutikanso kulankhula.

Kumvetsa kuti matendawa amachokera mu ubongo sikunayambe lero. Ibn Sina, m'buku lake la zachipatala lotchedwa Al-Qanun fi al-Tibb limene analimaliza mu 1025, analemba za matenda amene Aarabu ankawatchula sakta, nafotokoza kuti kutsekeka kwa njira za mu ubongo kumachotsa kumva ndi kuyenda kwa ziwalo. Masiku ano bungwe la World Stroke Organization, limene limatsogolera chikumbutso cha matendawa pa 29 Okutobala chaka chilichonse, likuti munthu mmodzi mwa anayi alionse opitirira zaka 25 adzadwala sitiroko pa moyo wake. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Kafukufuku wina wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, anasonyeza kuti HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za sitiroko mwa anthu a zaka zochepa. Tanthauzo lake n'lakuti ambiri amene akudwala ndi anthu amene akadali kulera ana ndi kudyetsa mabanja.

Mawu akatsekeka

Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse amakhala ndi vuto la chinenero limene madokotala amalitchula aphasia. Dokotala wa ku France, Paul Broca, analifotokoza mu 1861 atapima bambo wina pachipatala cha Bicêtre, pafupi ndi Paris. Bamboyo anakhala zaka zambiri akutha kutchula kamawu kamodzi kokha, kakuti "tan", ngakhale ankamva zimene anthu ankamuuza. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza mtundu wina: wodwala amalankhula mosadodoma, koma mawu ake samveka tanthauzo, ndipo iyenso amavutika kumva za ena. Mitundu yonse iwiri ikhoza kukhudzanso kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera ndalama.

Chowawa kwambiri pa vutoli n'chakuti nzeru za munthu kawirikawiri zimakhala zilipo. Amadziwa chimene akufuna kunena, koma liwu limakana kubwera, kapena limatuluka lina. Akufuna madzi, pakamwa patuluka "moto". Abale akaona izi amayamba kumukambirana iye ali pomwepo, kumulankhula mokuwa ngati wogontha, kapena monyengerera ngati khanda. Nkhani za munda wake, bizinesi yake ndi ukwati wa mwana wake zimagamulidwa osamufunsa. Munthu amene anali mkhalapakati pa milandu ya pabanja amasanduka katundu wongosunthidwa kuchoka pamthunzi kupita m'nyumba, ndipo iye akuona zonsezo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza mabanja. Mawu amene munthu anawaloweza kalekale, monga kuwerenga 1 mpaka 10, masiku a sabata, nyimbo kapena mapemphero, nthawi zina amatuluka bwinobwino ngakhale kulankhula wamba kwatsekeka, chifukwa ubongo umawayendetsa m'njira ina. Choncho wodwala akhoza kuyankha salamu kapena kutsatira Surat al-Fatiha, koma n'kulephera kutchula dzina la mkazi wake. Wina akhoza kutulutsa mawu otukwana amene sanawayembekezere iye mwini. Izi sizitanthauza kuti akunamizira kudwala kapena kuti wataya ulemu. Akatswiri ophunzitsa odwala kulankhula amagwiritsa ntchito mawu oloweza ndi kayimbidwe ngati poyambira pobwezeretsa mawu ena.

Polankhula ndi munthu wotere, pamafunika chete m'nyumba, wailesi itazimitsidwa, ndipo alankhule munthu mmodzi. Funso likhale lalifupi, loti angayankhe inde kapena ayi, kapena kuloza ndi chala. Akayamba kufunafuna liwu, apatsidwe nthawi osamumalizira chiganizo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Misozi yobwera yokha

Wodwala mmodzi mwa asanu alionse, makamaka m'miyezi yoyambirira, amalira kapena kuseka mosadziletsa. Mlendo angomupatsa moni, misozi yayamba kale. Nthawi zina amaphulika ndi phwete pamalo osayenera, ngakhale pamaliro. Chimene chavulala ndi njira za mu ubongo zimene zimagwira nkhope ndi mawu kuti zitsatire zimene zili mumtima. Motero misoziyo siyenderana kwenikweni ndi kukula kwa chisoni chake, ndipo kusekako sikutanthauza chipongwe.

Odwala ambiri amachita manyazi ndi zimenezi mpaka kusiya kutuluka m'nyumba, makamaka abambo amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Kumudzudzula kumangowonjezera vuto. Chothandiza ndi kukhala naye modekha, kusintha nkhani kapena kumuthandiza kupuma pang'onopang'ono mpaka zitadutsa, ndiponso kudziwitsiratu alendo kuti zikachitika asadabwe. Kwa ambiri vutoli limachepa pakapita miyezi, ndipo likakula pali mankhwala amene dokotala angapereke.

Kukhumudwa kumene sikuchoka

Pofika 2014, akatswiri atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opulumuka ku sitiroko amadwala matenda a kukhumudwa. Magwero ake ndi awiri. Kuvulala kwa ubongo pakokha kumasokoneza kayendedwe ka timadzi timene timakhazikitsa maganizo. Pamwamba pa apo pali zimene munthu wataya tsiku limodzi: ntchito, ndalama, ufulu wopita kuchimbudzi yekha, ndi udindo wake pabanja. Telala amene dzanja lake silikugwiranso sizasi, kapena mayi amene ankadzuka mbandakucha kukazinga mandasi ogulitsa, amadzifunsa kuti iye ndani tsopano.

Chisoni cha masiku oyamba n'chachibadwa. Chodetsa nkhawa ndi pamene papita masabata awiri kapena kuposerapo munthu ali wosakondwa tsiku lonse, sakufuna chakudya, tulo sakuliona kapena akungogona, zimene ankazikonda sizikumukokanso, ndipo akunena kuti wasanduka mtolo kwa ana ake. Mawu akuti "bola ndikanangofa" asatengedwe ngati kudandaula wamba, chifukwa chiopsezo chodzipha n'chokulirapo pakati pa amene anadwala sitiroko. Kukhumudwa kumabwezanso m'mbuyo kuchira kwa thupi: wodwala amakana mafizo, amadumphitsa mankhwala, ndipo dzanja limene likanatha kubwerera limauma.

Pafupi ndi kukhumudwa pali mantha. Pafupifupi mmodzi mwa anayi amakhala ndi nkhawa yosatha: kuopa kuti sitiroko ibweranso, kuopa kugwa, kuopa kutsala yekha m'nyumba. Mutu ukangowawa pang'ono amaganiza kuti nthawi yakwana. Ena sakhala achisoni kapena amantha, koma chidwi chokha n'chimene chimazima. Amatha kukhala pampando tsiku lonse osayamba kanthu pokhapokha wina awauze. Pakhomo amawanena ulesi, pamene chavulala ndi gawo la ubongo limene limayambitsa zochita.

Apa ndi pamene Msilamu wodwala amavulazidwa kawiri ngati omuzungulira sakumvetsa. Mlendo wofuna zabwino amamuuza kuti wokhulupirira weniweni sadandaula, ndipo wodwalayo amayamba kudziona wochimwa chifukwa cha matenda amene sanawasankhe. Komatu Surat Yusuf imasimba za Mneneri Ya'qub (mtendere ukhale pa iye) amene analira mwana wake mpaka maso anayera ndi chisoni, ndipo iye yemweyo amakumbukiridwa monga chitsanzo cha kupirira. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anagwetsa misozi pa imfa ya mwana wake Ibrahim, ndiponso analimbikitsa anthu kufuna mankhwala akadwala. Dua ndi chipatala siziphana. Matenda a kukhumudwa amachizika ndi uphungu, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Thandizo limayambira pachipatala cha boma cha m'dera, ndipo likupezekanso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kutopa, kuiwala ndi dziko lodulidwa pakati

Pafupifupi theka la odwala amadandaula kutopa kosiyana ndi kumene anakudziwa kale. Kusamba kokha kukhoza kumaliza mphamvu za tsiku lonse, ndipo kucheza ndi alendo ola limodzi kumatopetsa ngati kulima. Kutopa kumeneku kumagwira ngakhale amene ziwalo zawo zinabwerera bwino, ndipo kugona sikukuchotsa. Ubongo wovulala umagwira ntchito yowirikiza kuti uchite zimene kale unkachita mosavuta. Ndi bwino kuika ntchito zofunika nthawi imene wodwala amakhala ndi mphamvu, ndi kulola kupuma pakati.

Ena amavutika kukumbukira zatsopano, kutsata nkhani yaitali kapena kuchita zinthu mwandondomeko, monga kuphika kapena kusunga kaundula wa pagolosale. Chodabwitsa kwambiri chimachitika sitiroko ikagunda mbali yakumanja ya ubongo. Wodwala akhoza kusiya kulabadira zonse zakumanzere ngakhale maso ake ali abwino: amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale, amameta tsaya limodzi, amagunda chitseko ndi phewa lamanzere. Ena amakana n'komwe kuti dzanja lawo lafa, vuto limene dokotala Joseph Babinski analipatsa dzina loti anosognosia mu 1914. Wotereyu akhoza kudzuka pabedi molimba mtima n'kugwa, kapena kuumirira kuyendetsa galimoto. Kukangana naye sikuthandiza kanthu. Chofunika ndi kumuteteza, kumukumbutsa mofatsa kuti ayang'ane kumanzere, ndi kuwauza a mafizo zimene zikuoneka kunyumba.

Chisoni cha pa mkeka wa Swala

Pali chisoni china chimene madokotala safunsa kawirikawiri. Munthu amene kwa zaka 40 sankasowa pamzere woyamba wa Swala ya Fajr tsopano sangathe kupanga wudhu yekha, sangaime, amaiwala kuti wafika rakaa yachingati, ndipo ma aya amene anawaloweza ali mwana amamuthawa pakamwa. Wina mkodzo sukugwira. Wina dzanja lamanja lafa, ndipo amadziimba mlandu nthawi iliyonse akamadya ndi lamanzere. Ena amasiyiratu kuswali poganiza kuti Swala yawo siikulandiridwa, kenako amaopa imfa kuposa kale.

Malamulo a Chisilamu anapereka kale mayankho a zonsezi, koma wodwala amafunika wina womufikitsira. Mu Sahih al-Bukhari muli nkhani ya Swahaba Imran ibn Husayn, amene atadwala anauzidwa ndi Mtumiki kuti angathe kuswali chikhalire ngati kuima kwakanika, ndiponso chogonera m'mbali ngati kukhala kwakanika. Wodwala akhoza kuthandizidwa ndi wina kupanga wudhu, ndipo pamene madzi sangagwiritsidwe ntchito pali tayammum. Wamkodzo wosagwira ali ndi malamulo ake omupeputsira, ndipo wodya ndi dzanja lamanzere chifukwa cha matenda alibe mlandu. Surat al-Baqarah imalola wodwala kusiya kusala m'mwezi wa Ramadan n'kudzabweza, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa amapereka fidya. Izi n'zofunika kuzinena momveka, chifukwa kusintha kapena kusiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga popanda kufunsa dokotala kukhoza kuitana sitiroko yachiwiri.

Mbiri ikusonyezanso kuti matenda otere sachotsa munthu pakati pa anzake. Aban, mwana wa Khalifa wachitatu Uthman ibn Affan, amene anakhalapo bwanamkubwa wa Madina, anagwidwa ndi matenda ofa mbali imodzi ya thupi amene Aarabu amawatchula falij, koma anthu ankabwerabe kudzamva hadith kwa iye. Mashehe ndi maimamu athu ali ndi ntchito yaikulu pano. Ulendo umodzi wokamufotokozera wodwala mmene angaswalire m'mene alilimo ukhoza kuchotsa katundu amene wakhala naye miyezi. Makomiti a mizikiti nawo ayang'ane masitepe a pakhomo, malo opangira wudhu ndi mipando ya m'kati, ndipo adzifunse ngati munthu wa ndodo kapena wa njinga ya olumala angafike pa Jumu'ah.

Amene akusamalira nayenso watopa

Kumbuyo kwa wodwala aliyense kuli munthu amene amamutembenuza usiku, kumusambitsa ndi kuchapa zofunda. Nthawi zambiri amakhala mkazi wake kapena mwana wake wamkazi, yemwe uja anagona pansi kuchipatala monga gadiyani. Mkwiyo wa wodwala umagwera iyeyu, chifukwa ndiye ali pafupi. Geni yake imaima, tulo sagona mokwanira, ndipo akadandaula amaopa kunenedwa kuti watopa ndi mwamuna wake. Kafukufuku m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti osamalira odwala sitiroko nawonso amadwala kukhumudwa ndi nkhawa mochuluka. M'banja mumalowanso chete pa nkhani ya kuchipinda: wina akuopa kuti kukhalira pamodzi kudzutsa matenda, wina akudziona kuti sakufunidwanso. Ndi nkhani yoyenera kufunsa dokotala popanda manyazi.

Kuzonda odwala ndi udindo umene Asilamu amaudziwa bwino, koma kachitidwe kathu kamafunika kukonza. Sabata yoyamba nyumba imadzaza mpaka wodwala kutopa. Pofika mwezi wachitatu, pamene kukhumudwa kumakonda kuzika mizu, pakhomo pamakhala zii. Kuli bwino kubwera awiriawiri, kukhala nthawi yochepa, koma kubwerabwera kwa miyezi yambiri. Wozonda alankhule ndi wodwalayo mwachindunji, amuuze za mpira, za mitengo ya feteleza ndi za kumzikiti, ndipo amufunse maganizo ake monga kale. Nkhani za ena amene anamwalira ndi matenda omwewo zitsale panjira. Thandizo lenileni ndi kumulandira wosamalira uja kwa tsiku limodzi kuti apume, kapena kusonkha ndalama ya ulendo wa kumafizo. Mutu umodzi susenza denga.

Zoyenera kuchita banja

Kuchira kumafulumira kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, koma sikuthera pomwepo. Ubongo umatha kutsegula njira zatsopano munthu akamabwereza zochita, ndipo mawu ndi maganizo zimatha kupitiriza kusintha kwa zaka. Malo monga Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre ndi nthambi za mafizo m'zipatala zikuluzikulu amathandiza pa zimenezi, koma ntchito yambiri imachitikira kunyumba. Wodwala apatsidwe kantchito kamene angathe, kaya kutongola chimanga, kumvetsera ana akuwerenga za kumadrasa kapena kusunga kiyi wa nkhokwe, kuti adziwe kuti akufunikabe. Mankhwala amwedwe mosadumphitsa, ndipo nkhope ikakhotanso, dzanja likafooka mwadzidzidzi kapena mawu akasokonekeranso, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Pa tsiku lokaonana ndi dokotala, nthawi imakhala yochepa ndipo mafunso amakonda kukhudza BP ndi mwendo. Banja lisadikire kufunsidwa. Linene ngati wodwala akulira kawirikawiri, sakugona, sakudya, akuiwala, akupsa mtima kapena walankhulapo za imfa, ndipo wosamalirayo anenenso za iye mwini. Dokotala sangachize chimene sanauzidwe. Ndipo amene tikupita kukazonda m'bale wathu, tikamaliza kufunsa za dzanja ndi mwendo, tikhale pansi, timuyang'ane, timufunse kuti mumtima muli bwanji, kenako tidikire yankho ngakhale litachedwa kutuluka.